Magazi Obwereka

Nambala yanga ndi 418.
Ndaimata pachifuwa ndi timapini titatu,
kachinayi kagwera m'ngalande.
Lamulungu m'mawa ku Aberdeen,
miyala ya nyumba ndi thambo zapangana mtundu umodzi,
mphepo ya kudoko ikulowa m'khosi osaodira.
Tonse tavala zofiira,
ngati mzinda aubaya chala kuti auyeze magazi.

Ishbel wabwera mu jekete ya Murdo.
Mikono yake yamumeza zala,
waipinda kawiri, ikubwererabe.

Murdo anali pabedi la kuwindo, ine la kukhomo.
M'mawa uliwonse namwino akabwera ndi pepala
tinkapikisana manambala a maselo
ngati anyamata owerengetsana zigoli.
Tsitsi linatithawa sabata imodzi.
Iye ankaseka, ati tafanana ndi mazira awiri m'mbale.
Limodzi linasweka mu Febuluwale,
usiku, ine ndili mtulo.

Ine anandipezera mnyamata wa ku Germany.
Dzina sanandiuze, nkhope sindiidziwa,
ndimangodziwa kuti anajomba kuntchito tsiku limodzi
n'kugona chafufumimba
kuti amukumbe mafuta a m'mafupa.
Anabwera m'kathumba, ofiirira, osachititsa kaso,
ndipo anadontha mwa ine mpaka madzulo.
Ndinabadwa wa gulu O. Lero ndine wa A.
Ndikadzicheka pocheka nsomba kushopu
ndimapepesa mwini wake.

Kilomita yachitatu, bondo layamba kung'ung'udza.
Ana a sukulu atipitirira.
Watipitirira bambo wovala ngati dontho la magazi,
thukuta kamukamu m'chinsalu chakecho.
Watipitiriranso galu wa miyendo itatu.
Ishbel akuti, tisamuuze munthu za galuyo.

Ndalama zanga ndi mapaundi 312,
zotoledwa m'botolo la maswiti pakauntala,
pamodzi ndi batani la malaya ndi kakobidi ka ku Norway.
Wa kubanki anazigwira ndi nsonga za zala.
Zinkanunkha nsomba.

Kilomita yachisanu ndi chiwiri, thuza laphulika.
Patebulo la madzi pali mtsikana, Shreya,
akuti mkati mwa sabata amakhala mu labotale.
Ndamufunsa, wefuwefu:
mapaundi angawa agula chiyani?
Ndimati atchula mankhwala a dzina lalitali.
Wayang'ana kumwamba, kuwerengera,
n'kuti: magolovesi, timabotolo,
mwina magetsi a firiji kwa miyezi ingapo.
Ndiye kuchira kuli kuti?
Akuti sakudziwa.
Akuti dzulo zomwe anayesa zakanikanso,
mawa saveni koloko ayambiranso.
Wandipatsa kapu ina yamadzi ndisanapemphe.

Ndamukhulupirira chifukwa sananame.

Kumbuyo kwathu galimoto yotola otopa
ikukwawa, dalaivala akutsuzumira.
Ndamukupizira dzanja: pita.
Sakupita. Ntchito yake ndi ife.

Mnyamata iwe wa ku Germany,
kaya uli pabasi, kaya ukadali m'bulangete,
magazi ako akwera chitunda lero,
akugunda m'makutu a mkulu wa zaka sikisite.
Sindinawasamale bwino masiku onse,
koma lero ndawatulutsa kokawongola miyendo.

Tafika anthu atayamba kupinda matebulo.
Woimba chitoliro watsekera kale chake m'bokosi,
mabaluni afota,
mamendulo atha, atilonjeza kutumiza papositi.
Mayi wina watiombera m'manja yekhayekha,
kaphokoso kochepa, mphepo n'kukatenga.

Ishbel wapisa m'thumba kufuna kansalu ka mamina,
watulutsa tikiti yoimikira galimoto kuchipatala,
ya pa 9 Febuluwale, maola awiri.
Murdo ankati akungokayezetsa, abwera.
Taiyang'ana tonse.
Waiwongola pabondo, n'kuibweza m'thumba momwemo.

Ndavula nsapato pabenchi yonyowa.
Sokosi yadetsedwa pachidendene,
kadontho kofiira, kakukulirakulira.
Ishbel akuti, ukutaya za eni ake,
n'kuyamba kufunafuna pulasitala.